Amene Anapalasa Bwato la Mgonjetsi

Ufumu wa Tidabwerakale musaufune pa mapu a kusukulu, simuupeza. Koma mukadzamva za dziko limene mwana wa miyezi isanu ndi inayi amafunsidwa za agogo a agogo ake asanabayidwe katemera, mudzadziwe kuti ndi komweko.

Zonse zinayamba ndi bondo. Mfumu Ndinemwini wachitatu inapita kutsidya kwa nyanja zamchere kukaonetsa bondo lake kwa madokotala, pakuti a kwawo ankangodziwa mabondo a anthu wamba. Ili komweko inaitanidwa kukadya kunyumba yamiyala ya mkulu wina dzina lake Devarimonti. Atadya, mkuluyo anaionetsa khoma lolembedwa mayina. Anafotokoza kuti kholo lake linachokera ku dziko lina lotchedwa Nomandi, linawoloka nyanja zaka mazana asanu ndi anayi zapitazo pamodzi ndi mfumu yankhondo, ndipo litafika linapatsidwa minda ya anthu amene linawapeza. Kenaka anawonjezera akuseka kuti Devarimonti linali dzina chabe la kamudzi kamatope kumene kholo lija linabadwira, ndi kuti mwina ntchito yake pa ulendowo inali yodyetsa akavalo. Womasulira wa mfumu anali munthu wa ana asanu, woopa kuchotsedwa ntchito. Mawu omalizawo anawameza.

Mfumu inabwerako bondo likupwetekabe koma mtima utachira. Inaitanitsa nduna zonse ndi kuzikumbutsa kuti nawonso a Tidabwerakale ali ndi kuwoloka kwawo. Kodi Ndinemwini woyamba, Mgonjetsi, sanatsike kumapiri ndi kuwoloka mtsinje wa Sindibwerera? Kodi bwato lake silili panja apo, pansi pa kadenga ka malata? Nduna zinasuzumira pa windo, zinaona kuti lilipodi, zinawomba m'manja.

Lamulo linatuluka tsiku lomwelo. Padzakhala Kaundula wa Owoloka. Banja lililonse limene kholo lake linali m'bwato lija lidzalembedwa, ndipo otsala onse adzatchedwa Opezeka, poti anachita kupezeka. Pamjigo, kuchigayo, kuchipatala, Owoloka aziyamba. Nduna ina inafunsa ngati aziyambanso kumanda, koma funsolo linaikidwa pambali kuti lidzaunikidwe.

Ntchito ya kaundula inapatsidwa kwa a Mlongoti, amene anasandutsidwa Nduna ya Mayina ndi Makolo. Awa ndi aja anali nduna ya milatho, amene anaika chikwangwani chachikulu cholengeza mlatho wa pa Sindibwerera, ndi kuchipenta kawiri, mlathowo osaoneka. Iwo anakhazikitsa funso limodzi loti banja lililonse liyankhe: kholo lanu linakhala pati m'bwatomo?

Tsono ku Tidabwerakale munthu waulemu sakhala kumbuyo. M'galimoto amakhala kutsogolo, m'tchalitchi kutsogolo, pamaliro pampando wa kutsogolo pamthunzi. Kumbuyo n'kwa katundu ndi onyamula katunduyo. Ndiye amene anabwera ndi mbuzi ku ofesi ya a Mlongoti sanakoke mbuzi mtunda wonsewo kuti kholo lawo likakhale ndi mitolo. Ena anati lawo linagwirira Mgonjetsi ambulera. Ena anati lawo ndilo linaloza tsidya ndi chala. Banja lina linalumbira kuti Mgonjetsi anapumitsa phazi lake pa ntchafu ya kholo lawo ulendo wonse, ndipo linaonetsa chipsera chimene ana awo amabadwa nacho mpaka lero. Pakutha kwa mwezi, mabanja mazana anayi ndi khumi ndi awiri anali atalembedwa, onse kutsogolo kwa bwato lokwana anthu asanu ndi atatu owonda.

Kumsika wa Zatikwana anthu sanakwiye, chifukwa kukwiya kunali kutaletsedwa kale chaka chinacho. A Nabiyeni, mayi wogulitsa tomato pafupi ndi chipata, ankangouza ogula kuti akuthokoza boma powadziwitsa kuti munthu wopezeka pakhomo pake ndiye mlendo. Ankati zaka makumi asanu akhala akusesa pabwalo la eni ake osadziwa.

Kuseri kwa benchi ya a Nabiyeni kunali kansakasa ka Yotamu Kachigamba, wokhoma zidebe ndi mbaula. Mkazi wake Elube ndi amene nkhani ino inamugwera.

Elube anali mayi wa mwana mmodzi, wamkazi, dzina lake Zione. Anthu ankamunena kuti ndi wamantha, ndipo sankanama. Madzi akumwa a mwana ankawaphitsa kawiri. Zione akagona nthawi yaitali ankamugwedeza kuti aone ngati akupuma, akadzuka n'kudandaula kuti sanagone mokwanira. Polowa m'nyumba ya munthu, maso ake ankayamba aona pamene pali mbaula, mpeni ndi chidebe chosavundikira, moni pambuyo. Khadi la kusikelo ankalisunga m'majumbo awiri.

Mwezi umene lamulo linatuluka, chikuku chinalowa ku Kwatsalanji, dera loyandikana ndi lawo. Zione anali atangokwanitsa miyezi isanu ndi inayi, msinkhu wobayitsa katemera wake.

Katemera ankabwera pa chipatala cha Dikirani Lachiwiri lililonse, timabotolo towerengeka m'bokosi lozizira. Elube anafika dzuwa lisanatuluke ndipo anali wachitatu pamzere. Koma mabenchi anali atagawidwa. A pakhonde anali a Owoloka, a padzuwa a Opezeka. Owoloka anayamba kufika cha m'ma teni koloko, m'magalimoto, ena atanyamulitsa ana awo antchito. Anamwino a Nankhoma, amene analinso Opezeka, ankabaya osakweza maso. Pofika masana anatuluka ndi bokosi, n'kulitembenuza kuti amayi a padzuwa adzionere okha kuti mulibe kanthu.

Lachiwiri lotsatira zinatero. Linalo zinateronso. Sabata imeneyo mwana wa nyumba yachitatu kuchokera kwa Elube anadzuka maso ali psuu, thupi lili totupa tokhatokha. Elube anatseka mawindo, anasiya kupita kumjigo ndi mwana, ndipo anafunsa mwamuna wake kumene dzina la Kachigamba linachokera.

Yotamu sanabise. Anati agogo ake aamuna anapita kukalembedwa ntchito kumunda wa fodya atavala kabudula wa zigamba zambiri kuposa nsalu yake yeniyeni. Kalaliki anawayang'ana, sanawafunse dzina, anangolemba. Mbiri yonse inali imeneyo.

"Palibe amene anawolokapo mtsinje kwanuko?"

"Mayi a Zione, ife kwathu ngakhale ngalande timailambalala."

Lachinayi Elube anabereka mwana n'kupita yekha ku ofesi ya Mayina ndi Makolo. Analibe mbuzi. Mlonda anamva dzina, anayang'ana m'manja mwake, namuuza kuti a nduna ali pamsonkhano mpaka mvula idzagwe. Potuluka anadutsa pa kadenga ka malata paja, ndipo kwa nthawi yoyamba analiona pafupi bwato la Mgonjetsi.

Anthu ena akafika pamenepo ankavula chipewa. Elube analiyang'ana monga ankayang'anira chinthu chilichonse, kufuna kudziwa kuti mwana angagwere pati. Anaona kuti n'lopapatiza, kuti chiswe chalidya m'mimba, kuti wina wapaka phula pamng'alu n'kupentapo. Kutsogolo, kumene mabanja mazana anayi anakhala, mtengo unali wokhakhala ngati unasemedwa dzulo. Koma kumbuyo kwenikweni kunali kamalo kosalala, kolowa pang'ono, konyezimira ngati mpini wa khasu lakale. Pambali pake panali kamzere kozama kumene chinthu chinkakhuza tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Elube anaima pamenepo mpaka mlonda anamuthamangitsa. Sanauze munthu.

Pamene izi zinkachitika, mfumu inali italengeza Tsiku la Chiwoloko. Inaitana Devarimonti kuti adzaone ndi maso ake kuti kuwoloka si kwa Anomandi okha. Bwato lenilenilo lidzaikidwa pamadzi, mfumu idzayambira tsidya lija, ndipo idzawoloka monga anachitira Mgonjetsi, aliyense atakhala pamalo a kholo lake monga mwa kaundula.

Loweruka anapita kukayeserera padooko. Msika wonse unatsekedwa kuti anthu akaombe m'manja. Poti mazana anayi sakanakwana, anasankha akuluakulu asanu ndi awiri, kuphatikizapo a Mlongoti. Analowa mmodzimmodzi, masuti ali phwii, aliyense atagwira kalata yachidindo yonena kuti malo ake ndi kutsogolo. Palibe amene analola kusendera kumbuyo ngakhale phazi limodzi, chifukwa kutero kukanakhala kunyoza kholo. Bwato linaweramitsa mphuno, linakweza matako m'mwamba ngati bakha wofuna chakudya pansi, ndipo akuluakulu asanu ndi awiri anatsetserekera m'madzi olekeza m'chiuno, motsatana monga mwa maudindo awo.

Anthu anaomba m'manja, poti ndi zimene anaitanidwira. A Nabiyeni anauza oyandikana nawo kuti tsopano amvetsa chifukwa chake mtsinjewo unatchedwa dzina limenelo.

Madzulo a tsikulo mfumu inafunsa funso limene palibe anali atalifunsa chiyambire ufumuwo. Ngati onse anali kutsogolo, bwato linkayenda bwanji? Nduna ya Zofalitsa inati linkayenda ndi ulemerero. Mfumu inati ulemererowo uyesedwe mawa ndi nduna yomweyo ili m'kati, ndipo ndunayo inabweza mawu. A Mlongoti anapatsidwa masiku asanu kuti apeze m'mbiri munthu amene anapalasa. Akalephera, adzapalasa okha.

Anazungulira mabanja onse mazana anayi. Analonjeza kubweza mbuzi. Analonjeza mendulo. Aliyense anati ali wokonzeka kufera mfumu, koma kuti kholo lake linagwira nkhafi ngati wantchito, ayi, zimenezo akauze ena.

Lachinayi m'mawa Elube anabwereranso. Mlonda yemwe uja anatsegula pakamwa, koma Elube anangoti wabwera pa nkhani ya kumbuyo kwa bwato, ndipo chitseko chinatseguka chokha. A Mlongoti anali atakhala ndi chimfine cha Loweruka lija, mapazi m'beseni la madzi ofunda. Elube anagwada patali, mwana ali kumsana. Anayamba ndi kupepesa kuti iye ndi munthu wosadziwa zinthu, sukulu analekeza Sitandade 4, ndipo mwina alakwitsa. Koma kwa amuna ake kuli mbiri yakuti kholo lawo ndilo linakhala kumbuyo kuja. Chikhalireni pamenepo likupalasa, kabudula anaperepeseka mpaka kumuika chigamba, ndipo dzina linachokera pamenepo. Ngati a nduna akukayika, akagwire okha thabwalo aone kusalala kwake.

A Mlongoti anatuma mlonda kukagwira. Anabwerako akuti n'losalaladi.

"Umboni wina uli kuti?" anafunsa a nduna, poti nduna iyenera kufunsa.

"Pepani bwana. Kodi alipo ena amene akulimbirana nafe malowo?"

A Mlongoti anatsegula kaundula, anatembenuza masamba onse ngati sakuwadziwa, kenaka anatulutsa phazi limodzi m'beseni ndi kufunafuna chidindo. Asanadinde anati pali kanthu kamodzi. Wolowa dzina la wopalasa ndiye adzapalase mfumu pa Tsiku la Chiwoloko, masabata atatu akubwerawa. Kodi mwamunayo amadziwa madzi?

Zione anatsokomola kumsana, kamodzi kokha, mwina chifukwa cha fumbi la mabuku. Elube anakweza mutu.

"Anabadwira m'bwato, bwana," anatero.

Yotamu anaimva nkhaniyo ali ndi nyundo m'manja. Anaiika pansi bwinobwino. Anafunsa ngati mkazi wake akukumbukira kuti iye posamba amayamba wachotsako madzi m'chidebe kuti asachuluke. Elube anamuonetsa kalata yachidindo, kenaka anamuonetsa mwana. Yotamu anawayang'ana onse awiri nthawi yaitali, ndipo anangofunsa kuti mtsinjewo ndi wozama bwanji.

Lachiwiri Elube anakhala pabenchi ya pakhonde. Mayi wina wa zibangili zagolide anayang'ana mapazi ake afumbi n'kusendeza chikwama. Dzina la Kachigamba litaitanidwa, anamwino a Nankhoma anawerenga kalata ija kawiri, anayang'ana Elube pamwamba pa magalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mwezi wonse anamwetulira. Jakisoni analowa. Zione anakuwa mpaka khonde lonse linatembenuka. Elube anamukumbatira n'kulira naye, ndipo anapempha anamwino kuti alembe tsikulo pakhadi ndi zilembo zazikulu, kuti wina asadzanene kuti sizikuwerengeka.

Potuluka anadutsa pa mabenchi a padzuwa. Panali amayi oposa makumi atatu, ena amene ankafika nawo limodzi m'mamawa. Sanathe kuwayang'ana. A Nabiyeni, amene anali pamzerewo ndi kamdzukulu kawo, anamukoka chitenje.

"Iwe Wowoloka watsopano, sutipatsa moni ife alendo?"

Elube anawerama ngati akukonza mwana, nanong'oneza kuti bwato lili ndi ntchito zambiri zimene anthu aulemu sangazivomere. Lowukha ngati lija, wina ankakapa madzi. Wina analikankha kuchoka pamchenga. Wina anagwira chingwe tsidya lino. Ndipo a Mlongoti, chigwereni m'madzi, akufuna mbiri yokwanira.

Mawa lake a Nabiyeni anakakumbukira kuti kholo lawo linali lokapa madzi, ndipo anapita ndi chipande chong'ambika ngati umboni. Wogulitsa makala anakumbukira kuti lake linadula mtengo wa bwatolo. Ena analisema, ena ananola nkhwangwa, ena anaphikira osemawo. A kuseri kwa chigayo anati lawo linkathamangitsa ng'ona pomenya madzi ndi ndodo. A Mlongoti, amene ankaopa funso lina lochokera kwa mfumu kuposa imfa, ankadinda osapuma. Pasanathe masabata awiri, mabenchi a padzuwa pa Dikirani anali opanda munthu. Onse anali Owoloka, ndipo poti onse sangayambe, a Nankhoma anabwerera ku lamulo lachikale lakuti wafika msanga wayamba. A magalimoto anaphunzira kudzuka.

Kunyumba yachifumu kunabuka vuto lina. Mlembi atawonkhetsa kaundula anapeza kuti mu ufumu wonse simunatsale Wopezeka ndi mmodzi yemwe. Mfumu inafunsa kuti tsono Mgonjetsi anagonjetsa ndani. Nduna zinakambirana masiku awiri, ndipo zinalengeza pa wailesi kuti pakufunika mabanja odzipereka oti akhale ogonjetsedwa, ndipo adzalandira chitenje chaulere. Palibe anabwera.

Masabata atatu onsewo Yotamu sankaoneka pa nsakasa yake masana. Anthu ankamuona akulowera kudziwe la kumunsi kwa chikwangwani cha mlatho, mkazi wake ali pambuyo ndi mwana ndi chingwe choyanikira zovala. Ankabwerako maso ali ofiira, akutsokomola madzi. Kumsika ankati Kachigamba walimbikira kuphunzira ntchito ya makolo ake.

Tsiku la Chiwoloko linafika. Mfumu ndi akuluakulu anazungulira ndi magalimoto ulendo wa tsiku lathunthu kudzera pa mlatho wa dziko loyandikana nalo, kuti akayambire tsidya lija. Tsidya lino kunali ng'oma, ana asukulu ndi mbendera, ndi Devarimonti pampando wa kutsogolo, atafiira ndi dzuwa. Ulendo uno anaika miyala kumbuyo kwa bwato kuti lisaweramenso. Mfumu inakhala kumphuno, akuluakulu anayi atadzipanikiza pambuyo pake, a Mlongoti pakati, ndipo pa kamalo kosalala kaja panakhala Yotamu, atagwira nkhafi monga munthu amagwirira mwana wa eni ake.

Analikankha. Linayenda bwino mpaka pamene mphamvu ya okankhawo inathera. Pakati pa mtsinje linatembenuka kuyang'ana kumene linachokera, linatembenukanso, kenaka linayamba kutsika ndi madzi likuzungulira pang'onopang'ono. Mfumu inamveka ikulamula mtsinje kuti uime. Anthu a tsidya lino anaona Yotamu akuimirira, akuwerama mwaulemu, akupereka nkhafi kwa a Mlongoti ndi manja awiri, n'kudziponya m'madzi.

Devarimonti anafunsa ngati zimenezi zilinso m'mbiri. A Nabiyeni, amene anali pafupi akugulitsa tomato kwa asilikali, anati mbali imeneyi ndiyo yokhayo yoona. Womasulira anamezanso.

Elube sanali padooko. Anali kumunsi pokhota mtsinje, pamene anali ataona kwa masiku ambiri kuti madzi amatayirapo zinyalala ndi mapesi. Anaima pamenepo ndi malaya ouma ndi chingwe chija. Kudziwe kuja sanawonongeko ngakhale tsiku limodzi pa nkhafi, chifukwa anawerengera kuti kupalasa sikuphunzirika m'masabata atatu, koma kusambira mwina. Yotamu anafika ngati galu wogwera m'chitsime, akupalasa madzi ndi manja ndi miyendo yomwe, ndipo anakwawira pamchenga n'kugona chafufumimba. Mkazi wake anamufunsa ngati wameza madzi ambiri, ngati m'makutu mwalowa kanthu, ndi chifukwa chake anachedwa kudumpha. Zione anamumenya bambo ake pamutu ndi kadzanja, akuseka.

Bwato linakatsakamira pa chilumba chamchenga kumunsi kwenikweni, pakati pa ufumu wa Tidabwerakale ndi dziko loyandikana nalo. Onse ali moyo. Chakudya amawaponyera ndi chingwe. Maiko awiriwa akukambirana kuti chilumbacho n'cha ndani, ndipo nduna zotsala zakhazikitsa komiti yofufuza banja limene kholo lake linali ndi udindo wopulumutsa mafumu. Mpaka pano palibe lakumbukira.

Chikuku chinadutsa m'dera la a Kachigamba n'kupitirira. Khadi la Zione lili m'majumbo atatu tsopano. Koma Elube sakugona bwino. A Nankhoma anamuuza kuti pali katemera wachiwiri, wa miyezi khumi ndi isanu. M'mawa uliwonse amapita kukaima pamtunda, mwana kumsana, kuyang'ana ngati madzi a Sindibwerera akuphwa, ndipo amawerenga pa zala miyezi imene yatsala. Sakufunira mfumu yake choipa chilichonse. Akungopempha kuti isafulumire kubwerera n'kudzafufuta dzina la Kachigamba m'kaundula.